Mbewa za Maginito ndi Mutu wa Tadala

Joni, 14 Malichi 2010

Okondedwa amake Tadala,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli amoyo, inu ndi Tadala, apongozi anga, komanso achimwene anu a Chikoti ndi nkhumba zawo zonse. Ine kuno ndili bwino, kungoti nsapato zayamba kuyasamula.

Nkhani yaikulu ndi yakuti ndasiya zotsuka magalimoto. Mwamuna wanu tsopano ali pa yunivesite. Musathamangire kukauza amayi amvano kuti ndine mphunzitsi, yambani mwamva. Paja ku koleji ndinaphunzira za ziweto, kuthena ng'ombe ndi kubereketsa mbuzi? Ziwetozo ndazipeza. Ndi mbewa. Mbewa zoyera mbee, za maso ofiira, zimene sizinapondepo m'munda chibadwire. Atandifunsa ngati ndimaopa mbewa, ndinayankha kuti kwathu ku Nsaru mbewa ndi zimene zimaopa ine. Sindinafotokoze zambiri. Anthu ophunzira sachedwa kuchita nseru.

Bwana wanga ndi mayi wina wa Chisuthu, dokotala wa zofufuza osati wa jakisoni. Ine ndimangowatchula Amayi a Mbewa. Ntchito yanga ndi iyi: m'mawa ndimatenga gulu limodzi la mbewa n'kuliika m'bokosi lozengedwa ndi mawaya. Ndikayatsa magetsi, m'bokosimo mumadzaza mphamvu ya maginito, yosaoneka ndi maso, yopanda fungo. Mbewazo zimaswera momwemo tsiku ndi tsiku kwa milungu ingapo. Gulu lina limakhala m'bokosi lofanana nalo koma losayatsa, kuti pakhale poyerekezera. Pamapeto pake mayiwo amayeza ubongo wa magulu onse awiri.

Mufunsa kuti amafunamo chiyani mu ubongo wa mbewa. Mukadula mbatata n'kuisiya poyera, imada eti? Khasu mukalisiya pa mvula limachita dzimbiri. Akuti mpweya timapumawu, pamene ukutipatsa mphamvu, umasiyanso tizinthu toluma m'thupi, ndipo thupi lili ndi akeake osesa tizinthuto. Tikachuluka kuposa osesawo, ubongo umayamba kudyeka pang'onopang'ono. Iwo ali ndi dzina lalitali lachizungu, ine ndimangoti dzimbiri. Funso lawo ndi lakuti kodi maginito amachulukitsa dzimbirilo? Sabata yathayi anatuluka mu labotale akumwetulira, akuti gulu loyamba laonetsa dzimbiri lochulukirapo pang'ono. Anthu awa amakondwera ndi zinthu zachilendo.

Ndiye mukaona kuti m'katoni imene ndapatsa Pius, wa lole uja, mulibe nsalu imene munaitanitsa, musanditukwane. Ndi maginito. Munthu woima pafupi ndi bokosi limenelo tsiku lililonse angakumbukire bwanji nsalu? Ndikadzabwera osakuzindikirani, mudzangondidonthezera mafuta a makina osokera m'khutu, ndidzabwerera mwakale.

M'katonimo muli sopo, mafuta ophikira ndi nsapato za Tadala. Fodya musamuchotse msanga m'chigafa, aume bwino, ndipo posankha muyang'anire nokha.

Pa foni paja munati Tadala anagwa kusukulu. Sindinamve bwino, popeza inu munali pa chulu chathu cha netiweki chija, mphepo ikuwomba, theka la mudzi lili m'munsi kumvetsera. Mwina ndi malungo. Pitani naye ku Namitete akamuyeze, ndipo mundilembere. M'kalata ndi mmene mumanena zoona, pa foni mumangoti zonse zili bwino.

Ndine wanu,
Gideon

Joni, 11 Epulo 2010

Amake Tadala,

Moni kwa inu nonse. Kalata yanu Pius wandipatsa dzana. Ine thupi lili bwino. Mutu wokha ndiwo ukumavuta madzulo, koma za zimenezo tidzakamba.

Ndawerenga kangapo pamene mwafotokoza za kugwa kwa Tadala. Si kugwa kwa njala kumeneko. Mwana wa sitandade faifi wouma thupi, n'kumanjenjemera, podzuka osakumbukira kanthu, ndipo kachitatu tsopano. Mwachita bwino kuthamangira ku Namitete osayamba mwazungulira kwina. Mapiritsi amene apereka azimwa osadumphitsa, ngakhale azioneka ngati wachira.

Mwati adokotala akufuna apite ku Blantyre akamuunike m'mutu ndi makina, chifukwa kugwako kukuyambira dzanja limodzi ndipo akufuna aone chimene chili mkati. Pitani. Musadikire ndalama za fodya za ku okushoni, za ulendo ndapatsa Pius mu envulopu. Makinawo ndimawadziwa, pa yunivesite pano alipo, kuseri kwa nyumba yathu ya mbewa. Ndi chimaginito chachikulu ngati nkhokwe yogonekedwa cham'mbali. Munthu amagona pa kabedi, amamulowetsa mkati, makinawo n'kujambula ubongo wonse popanda kung'amba paliponse. Palibe jakisoni wa mutu, palibe mpeni. Tadala mumuuze kuti ndi ngati kulowa m'ng'oma ya madzi, kusiyana kwake n'kwakuti sanyowa.

Ndakondwa kumva kuti kalata yanga ija munaiwerenga pa khonde anthu onse alipo, monga mwa nthawi zonse, ndipo apongozi anaseka mpaka kutsamwa pa nkhani ya mafuta a m'khutu. Mwati a Chikoti okha sanaseke, anangopempha kuti mubwereze pa dzimbiri paja. Alamu angawo ndi mkulu wa mpingo, kuseka amasungira Khirisimasi.

Kuno kwayamba kuzizira. M'chipinda tikukhalamo anayi tsopano, wabwera mnzathu wina wa ku Mpingu amene amaliza mkonono ngati thirakitala. Apolisi anadutsa mumsewu mwathu Lachisanu, koma ine ndinali kwa mbewa.

Mtedza mukumbe mvula isanauwononge. Ndikudikira kumva tsiku la ulendo.

Wanu yemweyo,
Gideon

Joni, 9 Meyi 2010

Amake Tadala,

Moni. Ndikhulupirira mwadzuka bwino. Ine ndadzuka, koma sindinganene kuti ndinagona.

Ndiyambe ndi kukuuzani zimene tinakambirana ndi achimwene anu pa foni, chifukwa inu anakuuzani kuti mutsike pa chulu, nkhani ndi ya amuna.

Ndinati, “Alamu, ndamva kuti ulendo wa ku Blantyre mwauimitsa.”

Iwo anati, “Sindinauimitse ine, bambo a Tadala. Mwauimitsa ndinu. Kalata yoyamba mwati maginito amachititsa dzimbiri mu ubongo. Kalata yachiwiri mwati makina a ku Blantyre ndi chimaginito chachikulu ngati nkhokwe. Ine ndangophatikiza.”

Ndinati, “Zija zinali za mbewa, alamu.”

“Mbewa ilibe mutu?”

“Ili nawo.”

“Kabokosi kanuko ndi kakakulu kuposa nkhokwe?”

“Ayi, koma…”

“Ndiye kakang'ono kakudya ubongo wa mbewa, ife titenge mwana wa mlongo wathu tikamulowetse m'chachikulu? Inu nomwe mwalemba kuti mwayamba kuiwala nsalu.”

Ndinati zija zinali nthabwala. Iwo anati nthabwala salemba ndi inki. Kenako mayunitsi anatha, ndipo ndikuthokoza Mulungu kuti anatha, chifukwa mawu amene anali atafika pakhosi sanali a munthu wobatizidwa.

Febe mkazi wanga, ndikudziwa malo anga. Ndine mkamwini, ndinabwera pamudzipo ndi sutikesi imodzi. Mwana ndi wa mbumba yanu, ndipo a Chikoti monga malume ake ndiwo mwini mawu. Sindikutsutsa zimenezo. Ndiponso sindinganene kuti afunsa mopusa. Akanakhala kuti sakumukonda Tadala, bwenzi atangoti pitani. Koma mundithandize kuwafotokozera izi, ndime iyi muwawerengere pang'onopang'ono.

Maginito a mbewa zathu ndi a mtundu wina, ofanana ndi amene amazungulira mawaya a magetsi, ndipo mbewazo zimakhalamo milungu yambirimbiri. Makina a kuchipatala munthu amakhalamo kanthawi kochepa kuposa ulaliki wa a Chikoti omwewo, n'kutuluka. Chachiwiri, dzimbiri ndinanenalo si loti munthu angalione kapena kulipala ndi mpeni. Ndi kusintha kwakung'ono kumene amachita kukuyeza ndi mankhwala, ndipo thupi lili ndi njira zake zokonzera. Mbewazo zikudya, zikuthamanga, zikuluma zala zanga monga kale. Chachitatu, anthu ambirimbiri, ana ndi nkhalamba zomwe, alowa m'makina amenewa m'maiko ambiri kwa zaka zambiri, ndipo madokotala amawadalira. Choopsa chimene amachenjeza ndi kulowamo ndi chitsulo basi. Pamene chimene chikumugwetsa Tadala sitikuchidziwa n'komwe, ndipo chili m'mutu mwake lero lino.

Pomwe pano mukhoza kusiya kuwerenga mokweza.

Ndinalemba zija kuti museke, chifukwa ndimadziwa kuti pakhomopo kuseka kwachepa chichokere ine. Sindinaganize kuti zifika apa. Musakangane ndi achimwene anu pagulu, sangabwerere m'mbuyo anthu akuona. Tadala asamapite yekha kuchitsime, ndipo asamakhale pafupi ndi moto.

Gideon

Joni, 6 Juni 2010

Amake Tadala,

Moni nonse. Ya lero ndi yaifupi, Pius akunyamuka masana ano.

Ndamva za dzanja la Tadala, kuti anagwera pa moto. Mwati wapsa kuyambira pa chigongono kutsika, koma zala zikugwira. Ndikuthokoza apongozi kuti anali pafupi n'kumukoka. Sindikukuimbani mlandu, mwana wa msinkhu uwo simungamumange pa mtengo. Ndatumiza mafuta opaka pa bala ndi mabandeji, koma muyambe mwawaonetsa kuchipatala.

Kuntchito kwachitika zoseketsa, ngakhale ine sindinaseke. Gulu lachiwiri la mbewa, lobwerezera kafukufuku uja, amaliza kuliyeza, ndipo silinaonetse kusiyana kulikonse. Za m'bokosi loyatsa ndi za m'bokosi losayatsa, ubongo chimodzimodzi. Amayi a Mbewa akuti ndi mmene nkhani imeneyi ilili kulikonse, ofufuza ena amapeza kanthu, ena sapeza, ndipo mpaka pano sanamvane. Ayambanso gulu lachitatu. Ndinathamangira kuuza a Chikoti pa foni, ndimati ndawapezera mankhwala. Mukudziwa chimene anayankha? “Ndiye kuti eni akewo sakudziwa? Akadzadziwa mudzatiuze.” Alamu anga akanapita ku koleji, bwenzi pano ali loya, ndipo ndende zonse zili zopanda anthu.

Koma pomaliza ananena mawu amodzi amene ndagona nawo. Anati, “Inu mukuti makinawo ndi abwino. Munalowamo?”

Sindinalowemo.

Amayi a Mbewa anandipeza Lachitatu nditaima pa bokosi lija ndili duu, ndaiwala kuyatsa. Anandifunsa chavuta n'chiyani, ndinawafotokozera zonse. Poyamba anaseka pa nkhani ya nsalu. Nditafika pa dzanja la Tadala analeka kuseka, nakhala pansi. Akuti kuseri kuja ophunzira amafuna anthu abwinobwino oti awajambule mitu, kuti aziyerekezera ndi ya odwala. Andilembetsa.

Izi musauze munthu kaye. Mutu uja sunasiye, ndipo masiku ano ndikamawerenga manambala a pa makola a mbewa amachita ngati akusambira. Ndili ndi maganizo anga pa zimenezi, koma si olemba m'kalata.

Chimanga muthire mankhwala musanaike m'matumba.

Wanu,
Gideon

Joni, 27 Juni 2010

Okondedwa amake Tadala,

Moni kwa inu, kwa Tadala ndi dzanja lake, kwa apongozi, ndiponso mwapadera kwa alamu anga a Chikoti, amene ndikupempha kuti akhale pa mpando wa kutsogolo pamene kalatayi ikuwerengedwa. Ine ndili bwino, ndipo ulendo uno ndili ndi umboni.

Mu envulopu yaikuluyo, imene Pius ndamulumbiritsa kuti asaipinde kapena kuikhalira, muli mutu wanga. Muutulutse bwinobwino, muuyang'anitse ku dzuwa. Chooneka ngati mtedza waukulu wosenda chija ndiwo ubongo. Amene ankanena pa ukwati wathu kuti mwakwatiwa ndi munthu wopanda kanthu m'mutu abwere adzaone.

Ndinalowa Lachinayi. Joni yense anali ku mpira wa dziko lonse uja, misewu ili mavuvuzela okhaokha, ine ndikupita kukagona m'nkhokwe. Pakhomo mtsikana wina anandifunsa mafunso ngati wapolisi. Muli ndi chitsulo m'thupi? Munawomberedwapo? Munagwirapo ntchito yowotcherera? Anandivula lamba, wotchi, makiyi, mpaka kandalama kamene kanabisala m'thumba la malaya. Akuti maginitowo sacheza ndi chitsulo, amachikoka ngati mmene a Chikoti amakokera chopereka.

Kenako anandigoneka, kunditseka makutu, kundiveka chinthu ngati dengu kumutu, n'kundilowetsa. Alamu, sindikunamizani, mkatimo ndi mothina, ndipo maganizo oyamba amene amabwera ndi a bokosi lina lija, la maliro. Makinawo akayamba, amagogoda, amalira, amachita ngati muli m'kati mwa chigayo cha pa Nsaru tsiku la msika. Koma kupweteka ayi. Kutentha ayi. Ndinaimba nyimbo za m'buku chamumtima, ndisanamalize zimene ndimazidziwa anali atanditulutsa. Ndinadzuka, ndinavala lamba, ndinakumbukira dzina langa, la mkazi wanga, ndi nsalu imene sindinagule ija. Ili m'katonimo.

Dokotala woona zithunzi anayang'ana mutu wangawo nati palibe chachilendo. Ndinamufunsa ngati akuonamo nzeru, anati makinawo sanafike pamenepo.

Alamu, munandifunsa ngati ndinalowamo. Ndalowamo. Ndine munthu amene waima pafupi ndi kabokosi kaja chiyambire Malichi, ndipo ndagonanso m'chachikulucho. Ngati pali wina woyenera kukhala ndi dzimbiri, ndine. Ndiyeseni mmene mungafunire.

Febe, apa werengani nokha.

Tsopano ndinene. Mutu uja unkandiopsa. Ndinkaseka za maginito m'kalata, koma ndikamayatsa bokosi lija ndinkaima patali, ndipo manambala atayamba kusambira ndinati basi, nthabwala yanga yandipeza. Ndinkaopa kuti akandijambula apeza chinthu, ndiye ndidzakhala ndatsekera Tadala njira ndi mutu wanga womwe. M'makinamo nyimbo zija sindinkaimba chifukwa cha kulimba mtima.

Nditamuuza dokotala uja za manambala, anandituma kwa oyeza maso. Febe, ndi maso. Ukalamba. Andipatsa magalasi, ndipo chivalireni mutu wasiya. Ndikuoneka ngati mlembi wa bwalo la milandu. Mbewa zinandiyang'ana tsiku loyamba ngati kwabwera bwana watsopano.

Ndine wanu ndi mutu wonse,
Gideon

Joni, 18 Julayi 2010

Amake Tadala,

Moni nonse. Ine ndili bwino kwambiri, mwina kuposa mmene ndakhalira chaka chonsechi.

Mwandilembera kuti a Chikoti anatenga chithunzi chija n'kukhala nacho masiku angapo, kuchiyang'ana m'mawa ndi masana, kenako anapita nacho kwa a Vainess, anamwino opuma aja a ku Kabudula, kuti nawonso achione. Sindikudandaula. Mutu wanga sunayendepo chonchi uli wokha.

Za mayeso a pa foni munangomva mbali yawo, ndiye imvani yanga. Anandiimbira Lamulungu titatuluka m'tchalitchi, ndi mayunitsi awo, chinthu chimene sichinachitikepo.

Anati, “Bambo a Tadala, ankhoswe a ukwati wanu anali ndani?”

Ndinawatchula onse, ndi amene anabwera ataledzera yemwe.

“Malire a dimba la amayi ndi la a Henderson ali pati?”

Ndinati pa mtengo wa mkuyu, ngakhale a Henderson amati pa chitsa.

“Funso loyamba la m'katekisima?”

Ndinayankha, ndipo ndinawonjezera lachiwiri mwaulere.

Mphepo ya pa chulu inawomba m'fonimo. Kenako anati, “Nkhumba yanga imene inalowa m'munda mwanu chaka chija inali yamtundu wanji?”

Ndinati, “Alamu, nkhumba yanu sinalowepo m'munda mwanga. Munatero nokha pa bwalo.”

Febe, achimwene anu anaseka. Ndinamva ndi makutu angawa, ndipo Khirisimasi isanafike. Atamaliza anati, “Mutu uli bwino uwu. Mwanayo ndipita naye ndekha.”

Musawaletse. Apite, ndipo inunso mupite. Ndi bwino adzaone ndi maso awo kusiyana n'kuti adzamve kwa ife.

Tsono za ulendo. Mwati ku Namitete akupatsani tsiku lina m'mwezi wa mawa. Munyamuke dzulo lake, mukagone kwa m'bale wathu Eliness ku Ndirande, ndamuimbira kale ndipo akudikira. Mutenge buku lake la kuchipatala, mapiritsi onse, ndi juzi, Blantyre amazizira mwezi umenewu. Tadala avale zopanda zipi. Ndolo achotse, mapini a m'tsitsi achotse. Ndiponso kachingwe kamene apongozi anamumanga m'chiuno, kamene ine sindikukadziwa, inu simukukadziwa, ndipo mkulu wa mpingo sakukadziwa n'komwe, mukayang'ane ngati kali ndi kachitsulo. Ngati kali nako, kadikire panja m'chikwama mwanu. Apongozi muwauze kuti akatuluka mudzamumanganso.

Tadala mumuuze kuti adadi analowamo ndipo sanalire. Zoti ndinkaimba nyimbo musamuuze. Kapena muuzeni, asankhiretu zake.

Chimene akapeze sitikuchidziwa. Ndimayesetsa kusaganiza za zimenezo, ndiye makola a mbewa masiku ano akuwala ngati mbale za alendo.

Wanu,
Gideon

Joni, 22 Ogasiti 2010

Okondedwa amake Tadala,

Moni kwa nonse pakhomopo. Ine ndili bwino. Ndikulemba nditavala magalasi, ndiye mukaona madontho pa pepalali, dziwani kuti ndi tiyi.

Kalata yanu ndi ya Tadala zafika. Zimene munandiuza mothamanga pa foni tsopano ndazimvetsa. Si chotupa choopsa chija tinkachiopa tonse osachitchula. Ndi kathumba kakang'ono ngati njere ya nandolo, kochokera ku mazira a nyongolotsi imene imayenda pakati pa nkhumba ndi anthu, ndipo adokotala akuti kamamva mankhwala. Ine amene ndinaphunzira za nyongolotsi imeneyi ku koleji, n'kukhoza mayeso ake, sindinaiganizire ngakhale kamodzi. Ndinali kalikiliki ndi maginito. Amwe mankhwala onse monga anenera, ndi a kugwa aja asasiye mpaka adokotala atanena okha. Mwati chibwerereni sanagwenso. Ndawerenga mzere umenewo mpaka pepala lafewa.

Za nkhumba tisaloze munthu chala, pamudzipo aliyense ali nazo ndipo zonse zimayenda mwaufulu ngati mafumu. Koma ndamva kuti a Chikoti ayamba okha kumanga khola, ndipo alengeza kutchalitchi za zimbudzi ndi kusamba m'manja. Muwapatse malata otsala aja ali kuseri kwa khitchini, osanena kuti achokera kwa ine.

Mwandiseketsa ndi nkhani yoti kuchipatala kuja a Chikoti anavula okha lamba ndi wotchi, n'kuumirira kuti akhale m'chipindamo atagwira phazi la mwana mpaka makina atasiya. Ndiponso kuti potuluka anafunsa ngati angawajambuleko nawonso, popeza abwera kale. Muwauze kuti ndawasungira malo kuno. Koma muwauzenso kuti zikomo. Ndidzanena ndekha ndikabwera, nditavula chipewa.

Tadala walemba kuti, “Adadi, munanama, m'makinamo simuopsa. Ine ndinagona tulo.” Mumuuze kuti adadi ake amva, ndipo achita manyazi pang'ono.

Gulu lachitatu la mbewa latuluka pakatikati, kanthu pang'ono mbali ina ya ubongo, mbali ina ayi. Amayi a Mbewa akuti tiyambe lachinayi. Pa ulendo umenewu ndiye kuti ntchito ndili nayo mpaka imvi. Akupereka moni kwa Tadala, ndipo chokoleti chili m'katonimo n'chochokera kwa iwo. Andipemphanso kuti zotsatira za kafukufuku wawo ndisamayambe ndazilengeza ku Nsaru iwo asanazisindikize.

Apa pindani pepala, otsalawo apite akadye.

Tsiku limene munali ku Blantyre ndinalephera kugwira ntchito. Ndinaika mbewa m'bokosi, dzanja linakana kuyatsa. Amayi a Mbewa anabwera, anayatsa okha, nandiuza kuti ndikakhale panja ndi foni yanga. Ndinakhala pa masitepe kuyambira m'mawa mpaka pamene munaimba. Munangoti, “Watuluka, akuti n'zochizika,” ndipo ine ndinayankha za mtengo wa basi, chifukwa pakanapanda zimenezo ndikanalira pamaso pa ana a sukulu. Musaganize kuti sindinamve. Ndinamva, Febe.

Ndibwera mu Disembala, ndapempha kale tchuthi. Mwafunsa kuti zithunzi ziwirizo muzitani, popeza apongozi akufuna kuzipachika pabalaza. Ayi, mitu ya banja lathu yayenda mokwanira. Muziike mu sutikesi yanga ija, pansi pa zovala. Changa chikhale pansi, cha Tadala pamwamba, kuti mwanayo atsamire pa mutu wa bambo ake mpaka ndidzafike.

Ndine wanu,
Gideon